Miluza Itatu

Kalatayo idafika m'nyengo yachisanu, mayiyu atangoweruka ku ntchito ya usiku. Iye ndi namwino wochokera ku Dedza, ndipo wakhala kumpoto kwa England zaka zoposa 20. Chipatala chothandiza osabereka chimamukumbutsa kuti zaka 10 zidali pafupi kukwana chiumitsire miluza yake itatu, kotero lamulo limafuna kuti iye ndi mwamuna wake anene maganizo awo polemba. Njira zidalipo zinayi: kupitiriza kuisunga, kuipereka kwa banja lina, kuipereka kwa ochita kafukufuku, kapena kulola kuti aisungunule ithe. Adawerenga kawiri, n'kuika kalatayo pansi pa chitini cha ufa.

Banjali lidakhala zaka 8 lopanda mphatso. Kumudzi manong'onong'o adali atayamba kale, ndipo aliyense wobwera kuchokera kwawo ankamutengera mizu yoti amwe. Potsiriza madokotala adatenga mazira ake, nawaphatikiza ndi mbewu ya mwamuna wake kunja kwa thupi. Pofika tsiku lachisanu padali miluza inayi yooneka bwino. Umodzi adauika m'chiberekero, ndipo ndiwo msungwana wa zaka 9 amene amakonzekera kupita ku sukulu m'mawa umenewo. Itatu yotsalayo adaiumitsa mu nayitirojeni wamadzi, pa madigiri 196 kunsi kwa ziro. Pakati pake padali povuta kwambiri, magazi adathamanga mpaka moyo wake kukhala pachiswe, ndipo madokotala adamulangiza kuti asadzayesenso.

Lamulo limene lidamutumizira kalatali lili ndi mbiri yake. Pa 25 July 1978, ku Oldham kudabadwa Louise Brown, mwana woyamba kupangidwa mwa njira imeneyi, chifukwa cha ntchito ya Patrick Steptoe, Robert Edwards ndi Jean Purdy. Kwa nthawi yoyamba mluza wa munthu udapezeka pamalo poti manja atha kuugwira, kuusunga kapena kuutaya. M'chaka cha 1982 boma la Britain lidakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Mary Warnock, katswiri wa filosofi, ndipo lipoti lake la 1984 ndilo lidabala lamulo la 1990 komanso bungwe la HFEA, limene lidayamba kupereka ziphaso kwa zipatala ndi ofufuza mu 1991. Komitiyo idaona kuti anthu sadzagwirizana za tsiku limene umunthu umayambira, kotero idafunsa funso lina: kodi mluza uyenera kuchitiridwa chiyani? Yankho lake lidali lakuti uyenera ulemu wapadera, ngakhale kuti ulemuwo sufanana ndi wa mwana wobadwa.

Ulemuwo adauika m'chiwerengero. Kafukufuku amaloledwa ndi chiphaso, koma mluza suyenera kukula kunja kwa thupi kupitirira masiku 14. Cha m'masiku amenewo mumaoneka kamzere koyamba kosonyeza kumene kudzakhale mutu ndi msana, ndipo kuyambira pamenepo mluza sungagawikenso kukhala mapasa. Kamzereko kasanaoneke, palibe anganene ngati pali mmodzi kapena awiri. Malire omwewa adalowanso m'malamulo a maiko ena, kuphatikizapo lamulo la zaumoyo la 2003 la South Africa. Kwa zaka zambiri palibe ankatha kufika pamalirewo, mpaka mu 2016 pamene asayansi a ku Cambridge ndi ku New York adakulitsa miluza kufika masiku 13, ndipo mkangano woti malire asunthidwe udabuka.

Masiku amene mluza uli woumitsidwa sawerengedwa. Choncho miluza itatu ija, imene idapangidwa tsiku limodzi ndi msungwana wodziwa kale kuchulukitsa ndi kugawa, pamaso pa lamulo idali idakali ya masiku 5.

Mwamuna wake adati aisungebe. Kuyambira mu July 2022 lamulo limalola kusunga mpaka zaka 55, bola eni ake azivomerezanso pakatha zaka 10 zilizonse. Mayiyu adawerengetsa zakazo napeza kuti miluzayo idzatsala iwo atapita, n'kukhala mtolo wa mwana wawo. Kungokhala chete nakonso sikukadawapulumutsa: mu August 1996, pamene malire oyamba a zaka 5 adakwana, zipatala za ku Britain zidataya miluza pafupifupi 3,000 imene eni ake sadayankhe kapena sadapezeke. Zoipereka kwa banja lina bamboyo adakana kwamtuwagalu. “Mayi, magazi athu akakule osadziwa kwawo?” Mkazi wake adamufotokozera kuti kuyambira mu 2005 mwana wotere ali ndi ufulu wodziwa dzina la wopereka akakwanitsa zaka 18. Bamboyo adati zaka 18 n'zambiri kwa munthu wopanda malume.

Mawu amenewa adamukumbutsa mayiyu chinthu chimene pepalalo lidalibe. Padali malo osayinapo anthu awiri okha, mwini dzira ndi mwini mbewu. Kwawo mwana ndi wa mbumba, ndipo nkhani yotere sikadatha popanda mlongo wake, mwinimbumba, ndi amayi achikulire. Lamulo lidawapatsa awiriwo ufulu wonse, koma pamodzi ndi ufuluwo lidawasenzetsa mtolo wonse.

Lamulungu lotsatira adaimbira foni amayi ake, munthu yekhayo kumudzi amene ankadziwa m'mene mdzukuluyo adabwerera. Adalongosola zonse mwachinamwino: miluzayo ili m'chipatala, ndi yaing'ono kuposa njere ya mawere, ilibe mtima kapena mutu. Gogoyo adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adafunsa: “Tsono abale ake a mwanayu ali bwanji m'chisanumo?”

Awiriwo adasiyana pa kamphatikiram'mbuyo kamodzi. Dzina loti mluza lili m'gulu limodzi ndi mtengo ndi mudzi: mluza uli, miluza ili. Dzina loti mwana lili m'gulu la anthu: mwana ali, ana ali. Mzungu atha kulemba lipoti lonse osanena ngati akukamba za munthu kapena chinthu, koma wolankhula Chichewa mneni aliyense amamukakamiza kusankha. Zaka 10 zonsezo mayiyu adakhala akunena kuti “ili”, ndipo kamawu kameneka ndiko kankamugonetsa tulo. Amayi ake atati “ali”, adalephera kuyankha.

Gogoyo sadadikire yankho. Adamuuza nkhani imene adali asanamuuzepo, yakuti iye asanabadwe padali pakati pena pamene padapita padera. Amayi achikulire okhaokha ndiwo adanyamula mtayowo. Adakumba kadzenje kosazama, popanda bokosi, popanda kulira maliro, popanda mwamuna ndi mmodzi yemwe, ndipo dzina padalibe. “Sitidati ndi munthu, mwana wanga,” adatero gogoyo. “Komanso sitidakataye kudzala.”

Namwinoyu adazindikira kuti amayi ake, amene sadamvepo za Warnock, adanena zomwezo zimene komiti ija idavutika nazo zaka ziwiri. Makolo nawonso adali ndi malire awo. Khanda likadali m'chikuta silinkawerengedwa mokwanira pakati pa anthu, ndipo mayi woyembekezera mpaka lero timati ali ndi pakati. Chimene chili pakati sichilandira mwambo wa munthu wamkulu, koma chili ndi mwambo wakewake, ndipo pali anthu oikika oti auyendetse. Kusiyana kwake n'kwakuti kumudzi mwambowo umagwiridwa ndi manja a anthu okudziwa, pamene ku England umabwera pa positi.

Adakambirana milungu itatu. Mayiyu adauza mwamuna wake kuti njira imene idawapatsa mwana idatheka chifukwa amayi ena osadziwika adapereka mazira ndi miluza yawo Louise Brown asanabadwe, ambiri a iwo osalandirapo mwana. Adamuuzanso kuti mluza woperekedwa ku kafukufuku suikidwa m'chiberekero cha munthu aliyense, ndipo sudutsa tsiku la 14. Bamboyo adafunsa ngati atha kusintha maganizo. Adauzidwa kuti atha, malinga miluzayo isanagwiritsidwe ntchito. Adakhala ndi cholembera m'manja nthawi yaitali, kenaka adasayina pansi pa dzina la mkazi wake.

Madzulo a tsiku limene adatumiza pepalalo, mayiyu adaimbanso ku Dedza. Adali atakonza mawu ake m'basi, mawu aukhondo a kuchipatala, koma foni itayankhidwa adangoti: “Amayi, aja apita.”

Kudali zii kwa kanthawi. Kenaka gogoyo adati wamva, ndipo adamulangiza kuti asalire mokweza, chifukwa mwambo wake sulola. Adafunsa ngati mdzukulu wake wadya. Mayiyu adayang'ana kukhitchini, kumene msungwanayo amalimbana ndi mthiko, kuphunzira kuvundula nsima, ndipo adayankha kuti adya posachedwa.