Dzina la ubatizo ndi dzina la m'chikuta: nkhani ya chilembo cha V

M'chaka cha 2017, pamene boma linkalemba nzika zonse kuti zilandire chitupa cha unzika, gogo wina wa m'dera la Inkosi Mlonyeni ku Mchinji anapita ku malo olembera atatsamira pa phewa la mdzukulu wake. Mlembi atafunsa kuti, “Agogo, dzina lanu ndani?” gogoyo anakhala chete kwa kanthawi. Mayina anali nawo atatu, ndipo pa pepalalo malo anali ochepa.

Dzina loyamba analilandira potuluka m'chikuta, mchombo utagwa. Amayi ake anali ataika kale ana atatu m'manda, choncho azakhali anamutcha Mavuto. Makolo akale sankatcha dzina mwachisawawa. Dzina linali kalata yolembera mudzi wonse, kapenanso chinyengo chopusitsira imfa kuti iyese mwanayo ndi wosafunika, imulambalale. Dzina lachiwiri linali la ubatizo, Victoria, limene pakamwa pa anthu linasanduka Vikitoriya. Lachitatu linali la ulemu, NaJere, ndipo ndi lokhalo limene malemu amuna ake ankamuitanira.

Mdzukuluyo, amene anali atangomaliza Fomu 4, ananong'oneza kuti, “Agogo, nenani la Chingerezi lija. Linalo n'lochititsa manyazi.”

Apa m'pamene achinyamata ambiri amaphonya. Mayina a V amene tonse timati ndi Achingerezi, ambiri mwa iwo Angerezi nawonso anachita kubwereka. Victoria ndi mawu a Chilatini otanthauza chipambano, ndipo Victor ndiye wopambanayo. Vincent anachokera ku mawu akuti vincere, kugonjetsa. Valentine, amene tsiku lake la 14 February lasanduka la maluwa ofiira, tsinde lake ndi valens, munthu wamphamvu ndi wathanzi. Vivian ndi Vitalis onse amanena za moyo. Violet yekha ndiye wofatsa, pakuti ndi dzina la kaduwa kakang'ono. Veronica ali ndi mbiri ziwiri: akatswiri amati ndi dzina la Chigiriki, Berenice, wobweretsa chipambano, koma Akhristu akale analimva ngati vera icon, chithunzi choona, pokumbukira mayi amene pa Njira ya Mtanda amanenedwa kuti anapukuta nkhope ya Yesu. Nkhani ya mayiyu simupezeka m'Mauthenga Abwino anayi aja. Ndi ya mwambo wa Mpingo.

Mayinawa anafika kumalire kuno makamaka kudzera m'mabuku a ubatizo. Ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, ndipo wobatizidwa ankapatsidwa dzina la woyera mtima woti azimutsanzira. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoka kanameta bwino ndithu: mwana amene mudzi unamutcha Mavuto, Maliro kapena Masiye ankatuluka m'tchalitchi ali wopambana, wamphamvu, wamoyo. Makolo ambiri sankadziwa Chilatini, komabe dzina lachilendolo linkanena chimene iwo ankachilakalaka mumtima koma n'kumaopa kuchitchula mokweza.

Koma dzina la Victoria lili ndi mbali ina imene Mngoni sayenera kuiiwala. Mfumukazi Victoria inalamulira Britain kuyambira 1837 mpaka 1901. Ndi dzina lake limene David Livingstone anapatsa mathithi a mtsinje wa Zambezi mu 1855, ngakhale eni dera anali atawatcha kale Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda. Ndi mu ulamuliro wake mmene dziko lino linakhala pansi pa chitetezo cha Britain mu 1891. Ndipo kumayambiriro kwa 1898 asilikali a boma la Britain anagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha mwana wake Nsingo, nalanda ng'ombe zochuluka. Chipata inadzatchedwa Fort Jameson, Mchinji n'kukhala Fort Manning. Chipambano chimene dzinali limanena, m'chaka chimenecho chinali cha ena, ndipo ogonja anali agogo a anthu a kwa Mlonyeni omwewa. Patangopita mibadwo iwiri, zidzukulu za ogonjawo zinali kunyamula dzinalo monyadira, ndipo amene anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia analipezanso pa tauni ya Fort Victoria, imene mu 1982 inasinthidwa kukhala Masvingo. Mu mzinda wa Blantyre msewu wa Victoria Avenue ulipobe.

Gogo uja mbiri yonseyi sankaidziwa mwa zaka ndi manambala, koma ankadziwa chimene chinali chake. Anatembenukira kwa mdzukuluyo nati, “Mwana wa mwana wanga, Vikitoriya anandipatsa ndi Abambo, ndipo sindilikana. Koma ukafafaniza Mavuto wafafaniza abale anga atatu amene ali kumanda. Palibenso pena pamene analembedwa.”

Mawu amenewa ndi olemera kuposa mmene amamvekera. Ana omwalira ali makanda m'midzi ya nthawi imeneyo sankakhala ndi chitupa cha kubadwa, ngakhale mwala pamanda. Chikumbutso chawo chinali dzina la mwana wotsatira, ndipo dzinalo likatayika, iwonso atayika.

Mlembi anavomera kulemba mayina onse awiri, koma panabuka kankhani kena. Gogoyo anafuna kuti lilembedwe Mabvuto, monga analiphunzirira pa sileti. Kalembedwe ka “bv” kanachotsedwa m'Chichewa cha ku Malawi m'zaka za m'ma 1970, pamene bungwe la Chichewa Board linakonza malamulo a kalembedwe, mwakuti bvuto linakhala vuto. Kutsidya kwa malire, ku Chipata, achibale ake ambiri amalembabe Mabvuto mpaka lero. Mlembiyo, mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu uja, anamwetulira n'kulemba monga gogo anafunira.

Chitupa chitabwera, gogoyo anachikulunga m'kansalu pamodzi ndi kolona yake. Patapita zaka ziwiri mdzukulu uja anabereka mwana wamkazi, ndipo anatuma mawu kwa agogo ake kuti abwere adzatche dzina mwanayo asanapite naye ku ubatizo.