Tiyeni Tikaone Mbalame ku Nyanja ya Chilwa

Amayi anzanga, mvula yoyamba ikagwa ndipo mitengo ya msuku ndi mombo ikaphukira, kwezani maso kumwamba. Anamzeze ambiri amene mudzawaone atandanda pa mawaya ndi alendo ochokera ku Ulaya. Amathawa chisanu cha kwawo nafika kuno mu Okutobala ndi Novembala, ndipo amabwerera cha mu Epulo. Kambalame kosadzaza ndi dzanja lomwe kamaoloka nyanja ndi chipululu cha Sahara popanda kamba wa paulendo.

Mukafuna kuona alendowa pamodzi ndi eni mudzi, pitani ku Kachulu, doko la nyanja ya Chilwa, makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa Zomba. Mulawirire, chifukwa dzuwa likakwera mbalame zimabisala m'njedza. Patsogolo panu mudzaona chilumba cha Chisi. Khalani pansi, mutonthoze ana, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Posachedwa nkhwazi, yomwe ija ya pa chizindikiro cha dziko lathu, idzalira itapendeketsa mutu chagada. Akakowa oyera adzayenda mwaulemu m'matope ngati akwati. Avuwo amasodza pagulu ngati amayi a dima: amazinga nsomba namiza milomo nthawi imodzi. Atsekwe ndi abakha a m'madzi ndiye osawerengeka. Cha kumitsinje mudzapeza nantchengwa, mmisiri amene mwamuna ndi mkazi amathandizana kumanga chisa chachikulu cha timitengo, namata khomo lake ndi dothi. Abambo ena akadaphunzirapo.

Koma nyanja imeneyi ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Moyo wake uli m'mitsinje ngati Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Mvula ikachepa, imaphwa. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhalanso pa dothi long'aluka. Matemba, makumba ndi milamba zikasowa, mabanja amatembenukira ku mbalame kuti apeze ndiwo ndi ndalama. Sitingawadzudzule, njala ilibe manyazi. Komabe tikadya mbalame pamodzi ndi mazira ake, chaka china cha chilala tidzagwira chiyani?

Mu 1996 Chilwa inakhala malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa pangano la maiko lotchedwa Ramsar, losamala madambo ndi mbalame za m'madzi. Pangano lili papepala, koma mphika uli m'manja mwathu. M'miyezi ya dzinja, madzi akadzaza madambo, mbalame zambiri zimaikira ndi kufungatira. Nthawi imeneyo tisagule mbalame zootcha pamsika, ndiponso tilangize ana athu a malegeni kuti asafwambe zisa. Ife olima kumtunda tileke kugwetsa mitengo ndi kulima m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, chifukwa dothi lokokoloka limakathera m'nyanja ndi kuikwirira.

Inu atsogoleri a magulu a amayi, sonkhani kangachepe mukonze ulendo misewu isanaterere. Mutengeko agogo amene adziwa maina a mbalame, ndi mwana wa sukulu woti azilemba m'kope. Amene muli kutali ndi Zomba, dambo la kwanu lomwelo likukwanirani. Mudzatilembere maina amene mwapeza, kuti tidzaone ngati a ku Nsanje ndi a ku Kasungu amazitchula mofanana.

Tsalani bwino, amayi.