Dokotala wakumudzi asangodziwa jakisoni yekha

Ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina yoyendera kumudzi, ndipo ana anga ambiri akakhoza MSCE amalakalaka ntchito yachipatala. Ena amapita ku Malawi College of Health Sciences, yomwe ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, ena ku Malamulo m'boma la Thyolo. Medical assistant amaphunzira zaka ziwiri, clinical officer zitatu. Akamaliza, ambiri amatumizidwa kuzipatala zing'onozing'ono, komwe tonse timangowatcha adokotala.

Nkhawa yanga ndi yakuti maphunzirowa amawakonzekeretsa bwino za muwodi kusiyana ndi za m'mudzi. Kuyeza wodwala, kulemba mankhwala ndi kusoka bala amadziwa, ndipo tikuthokoza. Koma matenda akuno ambiri muzu wake uli kunja kwa mpanda wa chipatala. Mwana akabwera ndi malungo kachitatu, LA alibe mlandu. Mwina neti ija akutchingira mbewu kudimba. Mayi akasiya kudzatenga ma ARV, mwina akuopa kuti mwamuna wake adziwa. Mtsikana wa Fomu 2 akatenga mimba, nkhani imakhudza makolo, ankhoswe, amfumu ndi ife aphunzitsi.

Kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe idapha anthu oposa 1,700, idatiphunzitsa zimenezi. Dripi idapulumutsa ambiri, koma nkhondo yeniyeni idali pachitsime, pamaliro ndi m'misika. M'madera ena anthu adaukira azaumoyo chifukwa cha mphekesera zoti iwo ndiwo akufalitsa matendawo. Mnyamata wazaka 23 amene sadayimepo pabwalo la mfumu angazimitse bwanji moto wotere?

Chitsanzo chabwino tili nacho kale. Ophunzira udokotala ku College of Medicine, yomwe kuyambira 2021 ili pansi pa yunivesite ya KUHeS, akhala akupita ku Mangochi kukaphunzira zaumoyo wa anthu m'midzi. Ngati madokotala, omwe ambiri amakathera m'zipatala zikuluzikulu, amachita zimenezi, kuli bwanji amene adzakhale kumudzi zaka zambiri?

Ifenso aphunzitsi sitilandira dipuloma tisanagwire choko pasukulu yeniyeni, wotiyesa atakhala kumbuyo kwa kalasi. Ndikupempha makoleji ndi a Medical Council of Malawi kuti wophunzira aliyense azikhala miyezi ingapo pachipatala chaching'ono, n'kumagona komweko. Aziyenda ndi alangizi a zaumoyo kusikelo ya ana m'midzi, azikhala nawo pamisonkhano ya komiti ya zaumoyo, azibwera kusukulu zathu kudzacheza ndi achinyamata. Zimenezi zizikhala ndi malikisi ngati mayeso ena onse, chifukwa ndikudziwa monga mphunzitsi kuti chopanda malikisi wophunzira sachilabadira.

Ndalama zotumizira ophunzira kumudzi n'zovuta, inde. Koma tiyerekeze ndi mtengo wa ambulansi yothamangira wodwala amene akadathandizika msanga pakhomo pake.