Hita ya galimoto ndinkaiyesa ya azungu

Mmawa wina mu June ndinatsala pang'ono kugunda wakabaza pa msewu wa M1, chakufupi ndi Dedza. Ndinkathamangira kukayang'anira mayeso, kunja kuli chifunga, galasi lakutsogolo la kaVitz kanga litachita nthunzi mkati. Dzanja lina linali pa chiwongolero, lina likupukuta galasi ndi mpango. Mnyamatayo ndinamuona ali kale pamphuno pa galimoto. Sanatukwane, anangondiyang'ana, ndipo zikanakhala bwino akanatukwana.

Hita inali itafa chaka chathunthu. Paipi yake itayamba kudontha, makaniko wina anangolumikiza mapaipi awiri aja kuti madzi azilambalala hitayo, nachotsanso thermostat. "Aphunzitsi, ku Malawi kuno hita n'njachani?" Ndinavomera msanga, poti ngongole ya galimotoyo inali ikundidyabe pa malipiro.

Loweruka lotsatira ndinapita kwa bambo ena achikulire amene amakonza magalimoto pansi pa mtengo. Iwowa ndiwo anandiphunzitsa zimene ine wophunzitsa sayansi ndinayenera kuzidziwa kale. Hita ilibe moto wakewake. Kuseri kwa dashibodi kuli karediyeta kakang'ono momwe mumadutsa madzi otentha ochokera mu injini, ndipo fani imauzira mphepo pamenepo. Mphepo yofundayo ndi imene imaumitsa galasi. Thermostat nayo imatsekera madzi kuti asapite ku rediyeta yaikulu mpaka injini itatentha bwino. Mukaichotsa, injini imachedwa kutentha, mafuta n'kumapita ambiri.

Atalowetsa madzi mu karediyetako mobwerera kumbuyo, munatuluka zofiira ngati madzi a mumtsinje wa m'dzinja.

"Mumathiramo chiyani, achimwene?"

Ndinayankha chapansipansi kuti madzi a pa mjigo wa kusukulu. Anangopukusa mutu. Dzimbiri lonselo ndinalilima ndekha, pokana kugula coolant.

Anaika paipi yatsopano ndi thermostat ina, nathira coolant, kenako tinadikira injini ikulira chivindikiro cha rediyeta chili chotsekula kuti mpweya wotsekeredwa utuluke. Apa sanafune kuthamanga ngakhale pang'ono, ati mpweya ukatsalira hita imauzira zozizira ngakhale zonse zili bwino. Ndalama imene ndinalipira sinafike n'komwe pa mtengo wa tayala limodzi.

Lolemba ndinadutsanso pamalo paja, chifunga chili chomwecho. Galasi linayera ndisanafike n'komwe pamsewu waukulu. Akabaza analipo ambiri, koma mnyamata uja sindinamuzindikire, chifukwa tsiku lija nkhope yake sindinaione bwino.