Tupepa tubili pansi pa remote

Nyumba zathu za mu Chawama sizibisa kantu. Chitseko chikalila, bonse tamvela. Mwa ichi tinali kuziba kuti ba tate bamauka kanayi, kasanu usiku umozi kuyenda ku toilet panja, na kuchedwa kwamene uko. Kuseni zii. Mwana angayambe bwanji kufunsa tate wake nkhani ya kukodza?

Tupepa tinatutenga ku clinic siku yamene tinapeleka ba mayi kupimisa BP. Kamozi kanali ka kansa ya prostate, kenangu ka kuleka fodya. Twonse mu Chizungu, cha madokota futi, chamene na ise ba Grade 12 tinabwezela kabili kuti timvele. Tinatusiya pa TV, pansi pa remote. Masiku yatatu sitinaone munthu atugwila.

Pa Sondo mlongo wathu analimba mtima, anayamba kumasulila tikudya nsima. Prostate sitinaipezele zina mu Chinyanja. Anangokamba kuti ni kanyama kang'ono pansi pa chikhodzodzo, kozungulila njila ya mikodzo. Mwamuna akamakula, nako kamakula, kamafinya njila ija. Kambili sikuti ni kansa. Koma kansa ya prostate ndiye yamene ipezeka maningi mu bamuna muno mu Zambia, ndipo ikamayamba siibaba, munthu angayende nayo zaka osaziba. Vamene madala bamayopa ni vija va dokota kupima na chala. Banasanduka nkhope pamene banamvela kuti kuliko kupima kwa magazi chabe, PSA, kotenga pa kwanja monga va malaria.

Banasamba m'manja, banakhala chete. Pamene apo ati, "Nanga kenangu ako? Belenga nako, bakulu bako bamvele."

Ise babili tinayang'ana mu mbale. Tinali kuganiza kuti sibaziba. Mishanga ya pa kantemba ni yogula umozi umozi, sitinabelengepo kuti pa siku tisiliza ingati. Tinali kuzinamiza ati sitikoka, tilaba chabe.

"Ine nizayenda bakanitenge magazi," banatelo. "Imwe muleke."

Banayenda. Namba inabwela yokwela, babatuma ku UTH kuti bakapime vina. Pafupi pamene apo pali Cancer Diseases Hospital, yamene inaseguliwa mu 2007, ndipo pa nyumba palibe wamene aichula zina.

Ise lelo ni siku ya 9. Chilaka chimabwela maka maka kumazulo, mutu kubaba, kukalipila aliyense. Kapepa kanakamba zoona pa chimozi: ukalimba mphindi zing'ono chimapita. Tasintha na njila yobwelela ku nyumba kuti tisapite pa kantemba. Umozi wa ise anagwa kale pa Chisanu, anakoka ubili, ndipo ba tate banamumvela kununkha akalibe kungena.

Sibanakambe kantu. Banangomuuza kuti pa Chibili ndiye azabapeleka, bauke 05:00 chifukwa cha line.