Mnyamata wapadenga uja anamuphunzitsa ndani?

Panelo ya sola ilibe pozimitsira. Dzuwa likangoiwomba, iyo yayamba kale kupanga magetsi, kaya mwaimangirira padenga, kaya mwangoitsamiza pakhoma. Mfundo imeneyi ndi yaifupi, munthu akhoza kuimva m'mphindi imodzi. Koma anyamata ambiri amene ndawaona akukwera pamadenga ndi mapanelo, palibe amene anawakhazika pansi n'kuwauza.

Sola yafala chifukwa magetsi ndi osowa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zimaunikira magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo ngakhale am'tauni anayamba kufunsa mitengo ya mapanelo ndi mabatire. Tilinso ndi minda ikuluikulu ya sola, wa mamegawati 60 ku Salima ndi wa mamegawati 20 ku Golomoti. Koma ine sindikunena za kumeneko. Ndikunena za denga la golosale, la saluni, la nyumba ya aphunzitsi kumudzi, kumene ntchito amagwirizana pafoni ndipo imatha tsiku limodzi.

Msuweni wanga amaika sola. Anaphunzira zamagetsi kukoleji ya ntchito zamanja ndipo pepala ali nalo. Paholide ndimamutsatira, kunyamula katundu ndi kugwira makwerero, kuti ndipezeko ya sopo ndi ya bandulo. Chimene ndaona kwa iye ndi kwa anzake n'chakuti mwini pepala amakhala pansi, pa inveta ndi mabatire, chifukwa ndi pamene pamafuna masamu. Wokwera padenga amakhala mnyamata waganyu, wopepuka thupi, amene amalandira yake madzulo. Wophunzira za chitetezo ali pamthunzi, wosaphunzira ali pamalata.

Tsiku lina masana, mnyamata wina amene tinali naye anasenda mawaya awiri ochokera ku mapanelo, nsonga zake n'kukhudzana. Panatuluka moto woyera ngati wa owotcherera zitsulo, n'kumuwaula zala ziwiri. Atatsika anati, "Koma achimwene, main switch ija ndinazimitsa." Sananame. Anazimitsadi magetsi a ESCOM, monga amachitira aliyense wosamala. Chimene sankadziwa n'chakuti mawaya ochokera padenga samvera switchi imeneyo. Msuweni wanga anangoti, "Mphwanga, dzuwa silizimitsidwa." Phunziro lake linakhala lomwelo, ndipo analipeza atapsa kale.

Ngozi za ntchito imeneyi si zobisika, ndipo zili ndi zifukwa zomveka. Panelo imodzi yaikulu imatulutsa mavoti pafupifupi 40. Mukalumikiza khumi mondondozana, afika 400, kuposa 230 a m'nyumba. Komanso magetsi a panelo ndi a DC. A ESCOM amasinthasintha kolowera, ndipo amadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi imodzi, choncho moto ukathetheka umazima msanga. A DC amangopita mbali imodzi, moto wake umakakamira mpaka waya kusungunuka. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amalumikiza mapanelo pomaliza, amayeza ndi mita asanagwire, ndipo samasula pulagi ya panelo pamene magetsi akuyenda.

Denga nalo lili ndi malamulo ake. M'mawa malata amaterera ndi mame, masana amaotcha. Poponda ndi pamzere wa misomali, pamene pansi pali thabwa. Pakatikati lata limapindika, ndipo ngati ndi lakale limabooka. Panelo yaikulu imalemera makilogalamu oposa 20, ndipo m'miyezi ya mwera mphepo ikaikankha imakankhanso woinyamula. Makwerero amafuna kupitirira m'mphepete mwa denga ndi mita imodzi, amangidwe kapena wina awagwire. Ndipo pafupi ndi madenga ambiri am'tauni pamadutsa waya wa ESCOM wolowa m'nyumba, pamene felemu ya panelo ndi ya aluminiyamu.

Pansi napo si pabwino kwenikweni. Batire ya asidi ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen, umene umaphulika ukakumana ndi kamoto, choncho siiyenera kukhala m'chipinda chogona kapena m'kabati yotseka. Sipanala ikagwera pamitu yake iwiri imafiira nthawi yomweyo. Waya wopanda fyuzi pafupi ndi batire ndi moto umene ukungodikira tsiku. Choopsa china chimagwera munthu amene sali n'komwe pamalopo: inveta ikalumikizidwa ku mawaya a m'nyumba popanda changeover switch, imatha kubweza magetsi kumzere wa ESCOM, n'kugwira wogwira ntchito amene wakwera pholo akudziwa kuti mzere wazimitsidwa.

Malamulo ndi mabungwe tili nawo. TEVETA inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya ndalama za malipiro kuti ithandize maphunziro a ntchito zamanja. MERA ndi imene imapereka ziphaso kwa oika zamagetsi. Pali lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997, palinso la chipukutamisozi kwa ovulala pantchito la 2000. Kuyambira 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'madera. Zonsezi n'zabwino, koma zimagwira munthu amene dzina lake lili m'kaundula winawake. Mnyamata waganyu salembedwa paliponse. Akagwa, nkhani imathera pa ndalama ya thiransipoti yopitira kuchipatala ndi mawu oti pepani.

Maganizo anga ndi akuti maphunziro a chitetezo atsatire munthu kumene ali. Asadikire kuti akhale ndi MSCE, kapena zaka zokhala m'kalasi. Masiku awiri kapena atatu pa trading centre, panelo yeniyeni, batire yeniyeni, denga lenileni, mphunzitsi wochokera kukoleji yapafupi. Pomaliza apatsidwe kakhadi kosonyeza kuti amadziwa kukwera, kunyamula, kuyeza ndi kumasula. Kakhadi kameneka sikamusandutsa katswiri wa zamagetsi. Kakungonena kuti uyu akudziwa chimene chingamuphe.

Apa ndi pamene ife a maphunziro a zilankhulo ndi chikhalidwe tili ndi mbali. Chenjezo la kuseri kwa panelo lili m'Chingerezi, timalemba ting'onoting'ono. Kabuku ka inveta ndi chimodzimodzi. Kodi DC arc tingainene bwanji m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao kuti munthu aope moyenera? Imeneyi ndi ntchito ya womasulira, ndipo ndi yopulumutsa moyo. Ku Tilonia, m'dziko la India, Barefoot College yakhala ikuphunzitsa amayi akumudzi, ena osadziwa kuwerenga, kuika ndi kukonza sola m'miyezi isanu ndi umodzi, pogwiritsa ntchito mitundu ya mawaya, zithunzi ndi manja. Amayi a ku Malawi anapitako n'kubwera akuidziwa ntchito. Ngati zinatheka pakati pa anthu osamvana chilankhulo, zingalephere bwanji pakati pa ife tokhatokha?

Ena anena kuti kutero n'kuvomereza anthu osayenera kugwira zamagetsi. Nkhawa imeneyi ndikuimva. Koma anyamatawa ali kale padenga, lero lino, ndipo kuwamana maphunziro sikuwatsitsa. Ena anena kuti zida zodzitetezera n'zodula. Lamba wodzimangirira ndi wodula ndithu. Koma nsapato zotseka m'malo mwa masilipasi, chingwe chokwezera panelo, kuvula mphete ndi wotchi usanagwire batire, kudikira mame aume, zimenezi si za ndalama zambiri. Chimene chikusowa kwambiri ndi wouza mnzake.

Ife ogula nafenso tili m'nkhaniyi. Timanenerera mtengo mpaka woika sola amachotsa fyuzi, amagula waya wowonda, amatenga mnyamata mmodzi m'malo mwa awiri, n'kuthamangira kumaliza dzuwa lisanalowe. Ambiri a ife ophunzira ndi amene makolo amatiimbira foni akafuna kugula sola, poti amati ndife odziwa zinthu. Tikamawathandiza kusankha panelo ndi batire, tiwonjezere mafunso atatu kwa woikayo: chiphaso cha MERA muli nacho? Fyuzi ndi changeover switch zili pamtengowu? Nanga amene akwere padenga ndani, ndipo anamuphunzitsa ndani? Woika sola wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa. Amene wakwiya, m'patseni ya basi abwerere, denga lanu asalikhudze.