Tsiku Ngati Lero Chaka cha Mawa



Pa wodi yathu kuno ku Mangalande pepala la tchuthi limatuluka mu January, ndipo aliyense amathamangira kukalemba masabata amene akufuna. Eni dziko amalimbirana Khrisimasi ndi nthawi imene ana atsekera sukulu. Ine kwa zaka zambiri ndinkasiya masabata awiri osalemba, ati kusungira zogwa mwadzidzidzi. Nonse mukudziwa tanthauzo la mawu amenewa kwa ife a kutali: foni ya pakati pa usiku, kenako kusakasaka tikiti ya ndege misozi ili chuchuchu.

Koma panali namwino mnzanga wa ku Spain amene ankalemba masiku omwewomwewo chaka ndi chaka, kuyambira pa 13 mpaka pa 19 August. Ankalolera kugwira ntchito pa Khrisimasi, pa Nyuwere, ngakhale manaiti otsatizana, bola sabata imeneyo munthu asaikhudze. Usiku wina mu 2018, odwala atagona, ndinamufunsa kuti kodi kwanuko kumakhala ukwati chaka chilichonse? Anaseka nati ayi, ndi fiesta ya kumudzi kwawo, chikondwerero cha oyera oyang'anira mudziwo. Ndinafunsa ngati ali ndi udindo wina wake kumeneko. Anati alibe. Ndiye ndinati, nanga utapanda kupita chingalakwike n'chiyani? Mmene anandiyang'anira, zinali ngati ndafunsa kuti chingalakwike n'chiyani munthu atajomba pa maliro a amalume ake. Chaka chotsatira, 2019, ananditenga kuti ndikadzionere ndekha.

Ndege ya ku Madrid inatenga maola awiri ndi theka, basi yopita ku Soria pafupifupi maola atatu, ndipo kumeneko anadzatitenga mlongo wake pa galimoto. Iwalani Spain wa magombe amene anzathu a kuntchito amakawotherako dzuwa. Uku ndi kumtunda, kumapiri, nkhalango za paini zokhazokha moti ine wa ku Dedza ndinkangoona ngati ndikudutsa ku Chongoni. Masana dzuwa limaswa mtengo, koma usiku pamafunika juzi ngakhale ili nyengo yawo yotentha.

Chigawo cha Soria kukula kwake n'chimodzimodzi ndi boma la Mzimba. Koma pamene Mzimba anali ndi anthu oposa 900,000 pa kalembera wa 2018, Soria yense ali ndi anthu pafupifupi 90,000 basi. Mu 1950 analipo oposa 160,000. Mathirakitala atalanda ntchito za kumunda, m'zaka za m'ma 1960 anthu anakhamukira ku mafakitale a ku Madrid, Barcelona, Bilbao ndi Zaragoza, ena mpaka ku France, Germany ndi Switzerland. Ndi nkhani yathu yomwe ija ya Wenela ndi Halale, kusiyana kwake n'koti iwowa ankapita ndi banja lonse, nyumba n'kuikhoma. Lero eni ake amatchula madera otere kuti España vaciada, kutanthauza Spain amene anakhuthulidwa, ndipo mu March 2019 anthu a m'maderawa anakachita zionetsero ku Madrid kudandaula kuti boma linawaiwala.

Mayi ake a mnzangayo anandiwerengera pa zala nyumba zimene zimatuluka utsi nthawi yozizira m'mudzi mwawo. Zala sizinathe. Sukulu inatsekedwa kalekale, dokotala amabwera kamodzi pa sabata, buledi amabwera pa galimoto yoliza hutala. Koma ife tinafika mudzi uli piringupiringu. Mazenera amene anakhala chitsekere miyezi khumi ndi umodzi anali pululu, zofunda zili pa dzuwa, magalimoto a manambala a ku France ndi ku Germany atatseka tinjira, ana akuthamangitsana m'zilankhulo zitatu. Nkhalamba zinakhala pa benchi panja pa tchalitchi, ndipo mwana aliyense wodutsa zinkamuimitsa ndi funso limene nonse munafunsidwapo pachitsime kwanu: kodi iwe ndiwe mwana wa ndani? Mwana akatchula dzina la agogo ake, basi wapezeka, auzidwa ndi nyumba imene anabadwira agogowo.

Palibe amene anaitanidwa. Tsiku limadziwika kuyambira kale. Pa 15 August ndi tsiku la kutengedwa kumwamba kwa Maria, holide m'dziko lonse la Spain, pa 16 ndi la San Roque, ndipo midzi yambirimbiri imachita zikondwerero zake pa masiku awiriwa. Ndalama zina imapereka khonsolo, zina amasonkha eni mudzi ndi ana awo a kutali. Ndiye pali timagulu totchedwa peña, anthu amene anakulira limodzi. Amasonkherana ndalama, kubwereka garaja kapena khola lakale, kusindikiza malaya ofanana, ndipo sabata yonseyo amadyera ndi kumwera pamodzi. Ndinakumbukira kuti mabungwe athu ambiri kunja kuno anayamba ndi nkhani yosonkherana kuti titumize thupi kumudzi. Si zolakwika, ndipo ine sindinaphonyepo chopereka changa. Kungoti ndinali ndisanaonepo anthu akusonkherana chaka chathunthu n'cholinga choti akavine.

Ine ndine wa CCAP, choncho zonyamula zifaniziro sindinakule nazo, ndipo ndinaima kumbuyo ngati mlendo waulemu. Itatha misa ananyamula chifaniziro cha Maria pa machira a mitengo iwiri n'kuzungulira nacho mudzi, oimba malipenga ali pambuyo. Pobwerera anaima pakhomo la tchalitchi, bambo wina n'kuyamba kuitanira mitengo ngati pa okushoni ya fodya ku Kanengo. Amagulitsa mwayi wogwira nsonga iliyonse ya machirawo polowetsa chifaniziro m'tchalitchi, ndipo ndalamazo zimathandiza kusamalira tchalitchicho. Bambo ake a mnzanga, amene anagwira ntchito m'fakitale ya zitsulo ku Bilbao mpaka kupuma, ankalimbira nsonga yakutsogolo ya kumanja chaka chilichonse, poti ndi imene ankagwira bambo awo. Maso a unamwino sapita ku tchuthi. Ndinaona mapazi otupa aja, ndinaona mmene ankapumira akangoyenda pang'ono, ndipo ndinayang'ana mwana wawo. Iye anangogwedeza mutu kuti ndisanene kanthu. Anapikisana ndi msuweni wawo, anthu akuseka ndi kuwachemerera, mpaka msuweniyo anagonja, kaya mwadala. Anasenza mtengowo paphewa mapazi osaposa khumi. Atautula anakhala pansi thukuta lili kamukamu, koma nkhope ili ngati ya mwana amene wakhoza mayeso.

Gule wa usiku amamutcha verbena, ndipo sayamba pakati pa usiku pasanakwane. Oimba amabwera pa chilole chimene chimatseguka m'mbali n'kusanduka nsanja, magetsi ndi zokuzira mawu zili momwemo. Amayamba ndi pasodoble, nyimbo za achikulire ovina awiriawiri, kenako za achinyamata mpaka mbandakucha. Makanda amagona m'ngolo zawo pambali pa bwalo, palibe wowathamangitsira kunyumba. Ine wozolowera manaiti ndinagonja itangodutsa 4 koloko, agogo ena a zaka za m'ma 80 akadali pabwalo.

Sikuti zonse zinandikomera. M'tauni ina yapafupi anatsekera ng'ombe zazing'ono m'bwalo, anyamata oledzera n'kumazinyanyula, ambulansi itaima panja kudikira wovulala. Kwa ife ng'ombe ndi chuma, si choseweretsa, ndipo ndasokapo mabala okwanira moti sindisangalala kuona munthu akuliputa dala. Komanso munthu wakuda ndinali ndekha. Mayi wina anandigwira tsitsi osapempha, wina anandifunsa kuti ndikusamalira nkhalamba ya nyumba iti. Funsolo linali ndi chifukwa chake. Amene amasamalira okalamba m'midzi imeneyi nthawi yozizira ambiri ndi amayi a ku Romania ndi ku South America, oweta nkhosa ena ndi a ku Morocco. Ndinawaona ataima kumapeto kwa bwalo, akuonerera gule wa mudzi umene amakhalamo chaka chonse, pamene eni mudzi a sabata imodzi ali pakati. Kaimidwe kameneko ndimakadziwa.

Pa 16 tinapita ku Vinuesa, tauni yaing'ono ya nyumba zamiyala, kukaonera mwambo wotchedwa Pinochada. Eni ake amasimba kuti kalekale anthu a ku Vinuesa anakangana ndi a mudzi woyandikana nawo wa Covaleda polimbirana chifaniziro cha Maria chimene chinapezeka mu mtengo wa paini, ndipo amuna atayamba kugonja, akazi anatulukira ndi nthambi za paini n'kuthamangitsa adaniwo. Ndiye chaka chilichonse pa tsiku la San Roque amuna amayamba ndi nkhondo yachiphamaso pabwalo, okwatira mbali ina, osakwatira mbali ina, atagwira malupanga ndi zishango. Ikatha imeneyo, amayi ndi atsikana ovala masiketi aatali achikhalidwe chawo amabalalika m'tauni monse ndi nthambi zawo, kukwapula mwamuna aliyense amene akumana naye, kaya ndi mkulu wa khonsolo kaya ndi mlendo. Pokwapulapo amanena kuti "De hoy en un año." Ndinafunsa tanthauzo lake, mnzanga nati: tsiku ngati lero, chaka cha mawa. Kunena kuti tidzapezanenso pano tonse tili moyo.

San Roque yemweyo ndinamuyang'anitsitsa. Amamusema ataonetsa chilonda cha pantchafu, pambali pake pali galu wonyamula buledi kukamwa. Amati anali wa ku Montpellier, ankasamalira odwala mliri ku Italy m'zaka za m'ma 1300 mpaka nayenso anautenga, ndipo midzi yambiri inamusankha kukhala woiteteza pa nthawi za miliri. Ndinaseka n'kuuza mnzanga kuti uyu ndi namwino mnzathu. Sitinadziwe kuti patangotha miyezi isanu ndi iwiri tidzakhala titavala zotchinga kumaso, tikuzindikirana ndi maso okha. Soria inali m'gulu la madera amene Covid anakantha kwambiri mu 2020. Bambo aja anamwalira mu April. Lamulo la nthawi imeneyo linkalola achibale atatu okha kumanda, ndipo mnzanga anaonera pa foni ali m'chipinda chathu chosinthira zovala, kenako anapukuta maso n'kubwerera pa wodi. Chaka chimenecho kunalibe fiesta. Mu 2021 anasiya ntchito n'kubwerera kwawo, ndipo mu August 2022 ananditumizira chithunzi atasenza nsonga yakutsogolo ya kumanja.

Chithunzi chimenecho ndi chimene chinandichititsa kukhala pansi n'kuwerenga maulendo anga a kumudzi chibwerere kuno mu 2006. Anali asanu ndi limodzi. Anayi a maliro, umodzi wa chiliza cha bambo, umodzi wa ukwati wa mng'ono wanga. Ana anga agogo awo ankawadziwa ali mu duku lakuda, atakhala pamphasa m'nyumba ya siwa. Ulendo womaliza uja, tikukwera galimoto kubwerera ku Lilongwe, mayi anandigwira dzanja nati, "Mwananga, ndiye tidzakuonanso pa maliro a ndani?" Sananene mokwiya. Ankangofunsa, poti ndi mmene anazolowera kundionera.

Ndikudziwa zimene mukunena mumtima, poti inenso ndinazinena. Wa ku Spain amakwera ndege yotchipa m'mawa, madzulo ali pakhonde pa mayi ake. Ife ndi usiku wathunthu ndi theka la tsiku kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo tikiti ya banja lonse mu August ndi malipiro a miyezi. Ena mapepala sanalongosoke, akatuluka sadzalowanso. Zonsezi n'zoona. Koma pali china chimene sitikonda kuchitchula. Mnzanga uja anapita kwawo ndi kachikwama kam'manja, mulibe mphatso ya munthu ngakhale imodzi, ndipo palibe anamuyang'ana m'manja. Ine sindikanatha kufika pa Dedza popanda masutikesi awiri a makilogalamu 23, mafoni, nsapato za aliyense ndi maenvulopu. Ndinkazengereza ulendo mpaka nditasonkhanitsa zonsezo, ndipo ndisanamalize, foni ya usiku ija inkalira. Pa maliro pokha ndi pamene munthu umaloledwa kufika chimanjamanja.

Miyambo ya tsiku lodziwika tili nayo. Kulamba kumachitika kumapeto kwa August ku Mkaika m'boma la Katete, a Lhomwe amakumana kwa Chonde, a Ngoni ku Hora ndi ku Ntcheu. Koma kumeneko ndi kwa mafumu ndi alendo olemekezeka, zolankhula zambirimbiri, ndipo palibe nkhalamba imene ingakuimitse n'kukufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani, n'kukulozera pamene panali nkhokwe ya agogo ako.

Mu January 2023 ndinalemba masabata awiri aja pa pepala la tchuthi, pakati pa August, anthu atakolola, misewu ili youma. Ndinauza abale anga pa WhatsApp kuti tikumane kwa mayi, popanda chifukwa, ndipo ndinachenjezeratu kuti ndikubwera ndi sutikesi imodzi ya zovala zanga. Mlongo wanga wa ku Joni anati abwana amukaniza. Mng'ono wanga wa ku Blantyre anabwera ndi ana ake. Galimoto itangoima pakhomo, azakhali anatulukira kuseri akuthamanga, chitenje chili m'manja, akufuula kuti kwagwanji, bwanji sanatiuze? Zinatenga nthawi kuti akhulupirire kuti kulibe maliro. Ena anakhumudwa ndi sutikesi imodzi ija, ndipo mawu ake anandipeza. Tinapha mbuzi, ana anaphunzira kukazinga chimanga, amayi a m'mudzi anavina chimtali mpaka fumbi kobo.

Usiku wina ndinawasimbira mayi za akazi a ku Vinuesa okwapula amuna ndi nthambi. Anaseka mpaka kutsokomola, nati mwambo umenewo ukanafika kuno bambo ako akadali moyo. Tsiku lonyamuka sanandifunse za maliro. Anaitana mdzukulu wawo kuti abweretse kalendala ya ku tchalitchi ndi cholembera, nati, "Ndiye tsiku lake ndi lomweli?" Ndinati eya, ndi lomweli. Mwanayo anati kalendalayo ndi ya chaka chino, ya chaka cha mawa sinatuluke. Mayi anati alembe pomwepo, ikadzabwera inayo adzakopera.